Za Mercedes 450SL yanuyo: yambani ndi dzimbiri

Achimwene, mwafunsa ngati 450SL yooneka bwino ili yoyenera kugula, ndi zoti muyang'ane. Galimotoyi ndi ya mtundu wa R107, womwe Mercedes-Benz idapanga kuyambira 1971 mpaka 1989. Injini yake ya V8 ndi yolimba. Chimene chimatha galimotozi ndi dzimbiri.

Musakopeke ndi penti. Tsegulani boneti, mumasule chivundikiro cha fani ya hita chomwe chili pansi pa galasi lakutsogolo, muunikemo ndi tochi. Timapaipi totulutsa madzi a mvula pamenepo timatsekeka ndi masamba, madzi n'kumakhazikika, chitsulo n'kubooka. Kenako madzi amatsikira kumapazi. Choncho tukulani makapeti mukhudze pansi. Mukapeza chinyontho, tsitsani mtengo kwambiri kapena isiyeni, chifukwa kuwotcherera malo amenewo kumafuna kuchotsa dashibodi yonse. Yang'ananinso mphepete mwa m'munsi mwa zitseko ndi pansi pa buti.

Mu injini, tcheni cha timing (chomwe chimachititsa kuti mavalavu azitseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake) chimayenda pa timapulasitiki tomwe timauma ndi ukalamba. Kamodzi kakathyoka, tcheni chimalumpha mano, mavalavu n'kugundana ndi mapisitoni. Mukamva kulira kwa tcheni polizira injini yozizira, makaniko asinthe tcheni, timapulasitikito ndi tensioner (kachipangizo kokungitsa tchenicho) nthawi imodzi.

Denga lansalu musalipinde likadali lonyowa: limachita nkhungu, ndipo windo lapulasitiki lakumbuyo limachita chifunga. Denga lake lina, lachitsulo lochotseka, muzilichotsa anthu awiri.

Mafuta a mabuleki sinthani zaka 2 zilizonse, ngakhale galimoto ikungokhala m'galaja, poti amayamwa chinyezi.