Ndakatulo ikakukanikani kumva

Wowerenga wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti: "Ndinagula buku la ndakatulo, ndaliwerenga kawiri koma sindikutolapo kanthu. Mawu ndi odukaduka, ziganizo zilibe mutu. Kodi ndine mbuli, kapena wolembayo akungondipusitsa?"

Mnzanga, simuli mbuli ayi. Ambirife tinazolowera kutenga ndakatulo ngati ndagi: yankho ndi limodzi, ukalipeza wakhoza. Zolemba zina sanazilukire yankho lotero.

Tengani Finnegans Wake, buku limene James Joyce, wolemba wa ku Ireland, analitulutsa mu 1939 atalimbana nalo zaka 17. Chiganizo chake chomaliza chimadukira panjira, ndipo chidutswa chotsalacho ndicho chimatsegula tsamba loyamba. M'chigawo china, azimayi awiri akuchapa zovala m'mbali mwa mtsinje wa Liffey ku Dublin, akuchita miseche mpaka mdima kugwa. M'mawu awowo Joyce anabisamo mayina a mitsinje mazanamazana ya padziko lonse. Mukati muwasake limodzilimodzi, mutopa tsamba lisanathe. Koma mu 1929 iye mwini anajambulidwa mawu akuwerenga mathero a chigawochi, ndipo ukamvetsera umamva madzi akuyenda, azimayi aja akulefuka, mawu awo akuzilala. Ine ndinayamba kulimva bukuli tsiku limene ndinamvetsera mawu ojambulidwawo, ndi khutu.

Choncho werengani mokweza, pang'onopang'ono. Dikishonale iyambe yadikira. Onani mawu amene akubwerezedwa, ndi pamene mpweya ukukutherani.

Kenaka funsani chimene chinachititsa wolembayo kuswa chinenero. Paul Celan, wolemba ndakatulo, anali Myuda, ndipo makolo ake anafera m'misasa yachibalo nthawi ya ulamuliro wa chipani cha Nazi cha ku Germany. Iye anapitiriza kulemba m'Chijeremani, chinenero cha amayi ake, chomwechonso cha anthu amene anawaphetsa. Ndakatulo zake zakumapeto n'zazifupi, mawu ena odulidwa pakati, ena olumikizidwa mwachilendo. Zimandikhudza kwambiri, chifukwa munthu wotere akanalankhula mosalala ndikanamukayikira.

Funso lanu lachiwiri lili ndi nzeru ndithu. Alipo olemba amene amavundula madzi dala kuti dziwe lioneke lakuya. Ine ndimawayesa chonchi: ndimasankha ndakatulo imodzi yokha, n'kuiwerenga masiku atatu otsatizana. Ngati pali mzere umene wanditsatira ndili pantchito zina, ndimapitiriza. Ngati palibe, ndimalibweza bukulo pashelefu popanda kudziimba mlandu.

Yesani zomwezo ndi ndakatulo yaifupi kwambiri m'buku lanulo, mudzandilemberenso mzere umene wakukakamirani.