Yankho kwa amalume pa za kathole kotsekula m'mimba

Amalume moni, ndamva funso lanu pagulupu pano. Mwati kathole ka masabata awiri kakutsekula m'mimba kuyambira dzulo, ndiye mukufunsa ngati mungakamwetse madzi a mchere ndi shuga aja timapatsa ana. Eee, madzi kapatseni ndithu, lero lomwe, chifukwa chimene chimapha timathole tambiri ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, makamaka ndi dzuwa la Okutobala lino. Koma shuga wa mu tiyi uja ayi. Mimba ya thole laling'ono sigaya shuga ameneyu, amangowonjezera kutsekulako. Tumani mwana pa Mitundu apo akagule Thanzi, timapaketi tija tobwezera madzi ndi mchere m'thupi, muja muli gulukosi, shuga amene mimba ya thole imalandira. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, koma azizireko, akhale ofunda chabe.

Musanakamwetse, katsineni khungu la pakhosi, mulikoke pang'ono kenako mulisiye. Likabwerera pompo, zinthu sizinafike poipa. Likatsala chiimire mpaka mwawerenga kufika pa 5, maso alowa m'kati, m'kamwa mwauma gwa, madzi atha kwambiri. Mulowetsenso chala m'kamwamo. Kakamayamwa chalacho, kamwetseni malita 2, kawiri kapena katatu patsiku, pang'onopang'ono ndi botolo, mukuthirira cha m'mbali mwa kamwa. Mutu musaupendeketse kumwamba ayi, kazimeza kokha.

Koma amalume, apa mundimvetse bwino. Ngati kagona kwala, sikakuyamwa chala, miyendo yazizira, musakakamize olo dontho. Madziwo amapita m'mapapo, kenako chibayo, ndiye mwakapha ndi chifundo chanu chomwe. Pamenepo pafunika dilipi ya mumtsempha, imbirani alangizi a ziweto a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, msangamsanga, osadikira mawa.

Za mkaka, ndamva azakhali akuti kachotseni kwa make mpaka kutsekula kuleke. Pepani azakhali, pamenepo ndikana. Thanzi amabwezera madzi ndi mchere basi, mphamvu zili mu mkaka. Kaziyamwa monga mwa masiku onse, kungoti Thanziyo muzikapatsa pakadutsa maola awiri kapena atatu kuchokera pamene kayamwa, osasakaniza ndi mkaka. Kaikeni pamthunzi, pouma, kutali ndi timathole tina, ndipo amene akukasamala azisamba m'manja ndi sopo, tizilombo tina ta m'ndowemo timagwiranso ana a anthu. Mundijambulireko maso ake munditumizire ndikaweruka.