Achemwali, musatulutse ndalama musanamve za kapeti yanga

Achemwali, nditangoona m'gulu muno chithunzi chanu cha kapeti ya khonje yofiira ndi yobiriwira imene mukufuna kugulayo, m'mimba mwanditentha ngati kuti zinachitika dzulo, chifukwa yanga inali yotero ndithu, kungosiyana mizere ya m'mphepete. Ndaona kuti ena akuyankhani kale kuti ingogulani, ndipo ikada mudzaiviike m'bafa ndi sopo wa ufa. Amene alemba zimenezo sanachitepo manyazi amene ine ndinachita, choncho ndiloleni ndifotokoze.

Yanga ndinaigula mu Disembala 2023, patangopita mwezi umodzi kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, nthawi imene makapeti a m'masitolo anakwera moti munthu wa malipiro ngati anga akanangowaonera pawindo. Tinali kuyembekezera a kuchimuna odzafunsira mbeta mwana wanga woyamba, ndipo simenti ya pabalaza pathu kuno ku Mpondasi, ku Mangochi, inali ndi ming'alu imene polishi anali atalephera kuibisa. Tsiku lina pochokera ku Monkey Bay ndinaona makapeti atapachikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo ndinatsika minibasi ulendo usanathe. Mnyamata wogulitsayo anali ndi pakamwa pa uchi. Anandiuza kuti, "Mayi, iyi analuka ndi amayi anga ondibereka, milungu itatu yathunthu, ndipo utoto wake ndi wophika, ngakhale muiponye m'nyanja sungachoke." Anayambira pa K55,000, tinakathera pa K38,000, ndipo ndinakwera minibasi ina ndikudziona wochenjera.

Alendo anabwera Loweruka loyandikira Khirisimasi. Atsikana anakolopa m'mawa, ndipo chifukwa cha phuma anayala kapetiyo simenti isanaume bwino. Cha m'ma 10 koloko magetsi anathima, fani n'kuima, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa mmene nyumba ya malata imatenthera mu Disembala mitambo ikasonkhana koma mvula osagwa. Amuna anakhala pamipando, ife amayi tinakhala pansi monga mwa mwambo, ndipo malo aulemu, pakati penipeni pa kapeti yatsopano, ndinawapereka ndi manja anga kwa azakhali ake a mnyamata wodzafunsirayo, mayi wachikulire wochokera ku Namwera amene anavala diresi loyera la lesi ndi mpango woyera. Ankhoswe analankhula nthawi yaitali monga amachitira. Thukuta linali kamukamu mwa aliyense. Posambitsa alendo m'manja madzi pang'ono anatayikira pakapetipo, wina anangopukuta ndi chikhatho, ndipo palibe amene analabadira.

Zonse zitatheka, azakhali aja anaimirira kuti athokoze. Kumbuyo konse kwa diresi lawo, kuyambira m'chiuno mpaka m'maondo, kunali kofiira, ndipo mizere yobiriwira inadutsamo ngati kuti munthu wajambula dala. Eni ake sankadziwa, anangopitiriza kulankhula mwaulemu, akuwomba m'manja. Amalume ake a mwana wanga anaweramitsa mutu n'kumayang'ana nsapato zawo. Bambo a kunyumba anandiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala. Ine pakamwa panauma, ndikuganiza njira yoti ndiwafunditse chitenje mosaonetsera, koma ndisanasunthe n'komwe, mwana wa mng'ono wanga wa zaka zinayi anakuwa kuchokera pakhomo kuti, "Agogo avulala, akutuluka magazi!" Inu ndinu mayi, mukudziwa chimene mtundu wofiira pamalo amenewo umatanthauza, ndipo izi zinachitika pamaso pa amuna a mbali zonse ziwiri. Mayi uja anatembenuka, nagwira diresi lake, nayang'ana chikhatho chake chitafiira, ndipo sananene kanthu. Kukhala chete kwawoko kunandilasa kuposa mmene akanandilalatira. Ndinawatengera kuchipinda, ndinawapatsa chitenje changa chatsopano, ndinagwada n'kupepesa misozi ili m'maso, iwo n'kungoti, "Musadandaule apongozi, zimachitika." Anabwerera ku Namwera diresi lawo lili m'jumbo. Ndinapempha kuti ndiwagulire lina koma anakana, ndipo kukanako n'kumene kumandisowetsa tulo mpaka lero.

Mawa lake, chifukwa cha mkwiyo, ndinachita zimene ena akukulangizani m'gulu muno. Ndinaiviika m'bafa lalikulu ndi sopo wa ufa kuti utoto wotsala utuluke wonse. Madzi anafiira ngati taphera mbuzi, ndinasintha kanayi koma osatha. Ulusi wa khonje umamwa madzi kwambiri ndipo suuma msanga, tsono mvula itayamba kapetiyo inakhala masiku anayi pakhonde isanaume. Pouma inali itafupika, m'makona mutapindikira m'mwamba ngati nsomba yowamba, kunsi kutachita chuku chakuda, ndipo fungo lake linali la thumba lovunda. Chofiira ndi chobiriwira zinasakanikirana n'kukhala mtundu wa matope.

Ndinainyamula mpaka kwa mnyamata wogulitsa uja, ndikulipiranso thiransipoti. Anayamba wanena kuti sakundikumbukira. Nditamuonetsa mizere yofanana ndi ya makapeti ena amene anali atapachika, anasintha n'kunena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Kenaka, anzake akuseka, anati, "Mayi, kapeti yotere ndi yokongoletsera, si yokhalira ayi." Kodi chinthu choyala pansi m'nyumba ya Mmalawi chingakhale chosakhalira? Kodi alendo tiziwauza kuti aziyandama? Munthu ameneyu ananamizira mayi ake omubereka chifukwa cha K38,000, ndipo zimandiwawa kuti anthu ngati iyeyu ndi amene amaima pamsewu n'kumadya ndalama, pamene amayi oluka enieni, amene zala zawo zinachita zikang'a ndi ntchitoyi, amalandira zochepa ndipo mbiri yoipa imagwera iwo.

Amene ananditsegula maso ndi gogo wina woluka mikeka amene ndinamupeza pamsika wa paboma. Anatenga kapetiyo, nakanula ulusi ndi chikhadabo, nandionetsa kuti m'kati munali moyera. Anafotokoza kuti woluka weniweni amaphika khonje kapena mlaza mu utoto asanayambe kuluka, kenaka amatsuka mpaka madzi atayera, n'kuyanika, choncho mtunduwo umalowa mpaka m'kati mwa ulusi. Koma ogulitsa ena amapikula makapeti opanda mtundu pamtengo wotsika, n'kuwapaka utoto pamwamba ndi burashi kuti awale pamsewu. Utoto wotero umangokhala pamwamba kudikira chinyezi. Anaseka n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine sindinathe kuseka nawo.

Tsono mukapita kukagula, tengani kansalu koyera ndi botolo la madzi. Nyowetsani kansaluko, tikitani mwamphamvu pa mtundu uliwonse paokha, makamaka wofiira, ndipo mukaona kuti kadetsedwa, ibwezeni pomwepo ngakhale atsitse mtengo motani. Kanulani ulusi muone m'kati, ndiponso itembenuzeni, pakuti yophikidwa mu utoto imakhala ndi mtundu wofanana mbali zonse, pamene yopakidwa imakhala yotuwa kunsi. Yalani pansi muone ngati ikugona bwino, chifukwa imene yatukuka pakati kapena m'makona ili yatsopano sidzawongoka, ndipo idzapunthwitsa ana ndi okalamba. Yang'anitsitsani m'mphepete, popeza kapeti iliyonse yoluka pamanja imayambira kumeneko kumasuka; msoko wake ukhale wothinana moti chala chisalowe. Inunkhizeninso. Ikamamveka fungo la chinyontho ndiye kuti inasungidwa pamalo onyowa ndipo chuku chayamba kale m'kati.

Kunena zoona, m'nyumba ya ana aang'ono ndi alendo ambiri sindingakulimbikitseni khonje, ngakhale la utoto wabwino. Ndi lolimba ku mapazi ndi ku mchenga wathu wa kuno, koma limadana ndi madzi, moti tiyi kapena mkodzo wa mwana zikagwerapo zimasiya banga losachoka. Mkeka wa mlaza, umene ambiri timaunyoza kuti ndi wachimidzi, ndi umene umagwirizana ndi nyengo ya ku Mangochi. Ndi wozizira kukhalapo, ndi wopepuka moti mwana amatha kuutulutsa kukaukuntha, ndipo ukatayikira kanthu umangopukutidwa ndi nsalu yonyowa n'kuuma msanga. Amayi anga anandisiyira mkeka umene wapirira zaka zoposa khumi, ndipo tsiku la alendo lija ndinaubisa kuseri kwa chitseko chifukwa ndinkachita nawo manyazi. Taganizani. Nyanja itakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba za m'mphepete, msuweni wanga wa ku Nkope anapulumutsa mikeka yake yonse pongoikulunga n'kuipachika kudenga, koma kapeti yake yolemera ya kusitolo anaitaya itavunda. Palinso zija amazipanga ndi zidutswa za nsalu zochokera kwa atelala, zolowetsedwa pa saka. Zimenezo ndi zofewa, zimachapika, ndipo n'zabwino kuchipinda, koma zimasunga fumbi ndi mchenga kwambiri, komanso zidutswa za zitenje zotsika mtengo nazonso zimasuluka, choncho kansalu konyowa kaja kagwirenso ntchito pamenepo.

Za kasamalidwe, chachikulu n'chakuti musayale chilichonse pa simenti yonyowa. Mukakolopa dikirani mpaka paume gwa, ndipo polishi wofiira musapake pamalo pamene kapeti imagona, chifukwa amamatirira kunsi kwake. M'nyengo ya mvula simenti imatulutsa chinyezi yokha ngakhale simunakolope, tsono muziinyamula kapetiyo kamodzi pa mlungu kuti pansi papite mphepo. Mukatero mudzaonanso msanga ngati chiswe chatulukira m'ming'alu, pakuti chimadya khonje, mlaza ndi bango kuyambira kunsi, pamwamba pakuoneka bwinobwino, mpaka tsiku limene mudzainyamule n'kutsala ndi zidutswa m'manja. Ming'aluyo ndi bwino kuimata ndi simenti m'malo moibisa ngati mmene ndinachitira ine. Fumbi, makamaka miyezi ya mwera, limachoka poipachika pachingwe n'kuikuntha chakumbuyo ndi ndodo yosalala, osati kuikwecha ndi tsache lolimba limene limadula ulusi. Chinthu chikatayikirapo, psinyani ndi nsalu youma kuti imwe madziwo, musatikite, chifukwa kutikita kumalowetsa banga m'kati. Dzuwa la kuno limapha mitundu, choncho yanikani pamthunzi podutsa mphepo; komabe mkeka umene mukuukayikira nsikidzi uyaleni padzuwa la masana, popeza kusuluka n'kwabwino kusiyana ndi kulumidwa. Muziitembenuza miyezi ingapo iliyonse kuti mbali ya kukhomo isathe yokha. Posunga muziikulunga monga timachitira ndi mphasa, osati kuipinda ngati bulangete, ndipo ikhale pamwamba, osati kutsamira khoma. Ngati mwapatsidwa ya ubweya wa nkhosa, monga zimene ena amabwera nazo kuchokera ku Johannesburg, musaiyandikize madzi otentha kapena mankhwala oyeretsera a klorini, chifukwa madzi otentha amaifupikitsa ndipo klorini amadya ubweyawo. Mdani wake wina ndi njenjete zimene zimakonda mbali yobisika kunsi kwa sofa.

Ena anena kuti ndikuipitsa malonda a pamsewu. Ayi, si onse amene ali ngati mnyamata uja, ndipo ndikanakonda kuti ndalama zanu zipite kwa woluka wa kuno kusiyana ndi kukagula ya pulasitiki yochokera kunja. Funsani wogulitsa akuuzeni mudzi umene amaluka, ndipo ngati n'kotheka pitani komweko mukaone mphika wa utoto ndi maso anu, mupereke muyeso wa pabalaza panu, mulipire theka, theka linalo polandira. Kwa woluka musanenerere mopitirira muyeso, chifukwa ntchito ya milungu ingapo siyenera kugulidwa ngati mulu wa usipa. Koma kwa a pamsewu nenererani mpaka atuluke thukuta. Ndipo ngati mukufuna mtendere weniweni, gulani yopanda utoto, ya mtundu wa khonje kapena mlaza weniweniwo, ngakhale ndivomereze kuti yotero imaonetsa litsiro msanga ndipo pabalaza sipawala.

Ukwati unachitika bwinobwino, ndipo azakhali aja amabwera kudzationa, koma amafika atavala zitenje zakuda ndipo amapempha mpando. Mwezi wathawu, pochokera ku Liwonde, ndinaonanso kapeti ina ya mizere yachikasu ndi yabuluu, ndipo ndinaigula kudzera pawindo kondakitala akufulumizitsa, osaiyesa ndi kansalu konse. Ndaiyala kunsi kwa tebulo kumene munthu sakhalako, ndipo alendo akabwera ndimatulutsa mkeka wa amayi.