Funsani Azakhali: Futali watilemera

Azakhali, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Mangochi. Ramadan ikafika, ndalama ya chakudya imatha mwezi usanafike pakati. Madzulo ndimaphika futali, mpunga, nyama, samusa ndi mandasi, poti apongozi anga amati munthu amene wamanga (kusala kudya) tsiku lonse sapatsidwa mbale imodzi. Tikatha kudya, bambo a kunyumba amangodziponya pamphasa, ku Tarawehe, swala ya usiku ya mu Ramadan, osapita, usiku n'kumadandaula chilungulira. Zotsala timataya. Nditani kuti ndichepetse koma ndisaoneke woumira?

Mwanangu, kalata yakoyi yandikumbutsa manyazi anga. Chaka china ndili mtsikana, azana woitanira kuswala atangomveka ndinameza samusa zisanu ndi ziwiri ndi makapu awiri a Sobo. Poswali Magharibi, swala ya dzuwa likalowa, ndinalephera kuwerama bwino, mimba ili ndii ngati ng'oma, mafuta akubwerera kukhosi. Amayi anangondiyang'ana ndi diso la m'mbali, osanena kanthu.

Vuto limayambira kukhitchini cha m'ma 4 koloko. Nthawi imeneyo amene akuphika si iwe, ndi njala. Kuno kwathu timamanga maola 13 kapena 14, ndiye maso amafuna chilichonse, pomwe mimba ndi yomwe ija ya mwezi watha. Ine masiku ano ndimayeza mpunga m'mawa, mutu usanayambe kuzungulira, ndi kapu yomwe ndimayezera miyezi ina yonse.

Uwauze bambowo mwaulemu kuti muyese kumasula mmene Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) ankachitira: tende zingapo, zikasowa madzi. Tende zikadula pamsika, nthochi yakupsa ikwanira. Kenako nyamukani mukaswali. Kamphindi kameneko ndiko mankhwala, chifukwa thupi limatenga mphindi pafupifupi 20 kuti lizindikire kuti lalandira kanthu. Pobwerera ku mbale, njala yolusa ija imakhala itazizira. Apo idyani futali wanu wa mbatata kapena chinangwa wothira nsinjiro, kandiwo pambali, basi. Zokazinga zija zizibwera Lachisanu lokha, ana asakudandaule. Nazonso ndi zimene zikuwapatsa chilungulira amuna akowo, makamaka akagona atangodya.

Qur'an, pa Surah 7 ndime 31, imatilola kudya ndi kumwa koma imaletsa kupyola muyezo. Mtumiki anaphunzitsanso kugawa mimba patatu: gawo la chakudya, la chakumwa, ndi lopumira. Bambo a kwanuwo gawo lopumiralo analipereka kwa mandasi.

Dakwi, chakudya cha m'bandakucha musanayambe kumanga, musamalumphe poti munakhuta usiku. Phala la mgaiwa la nsinjiro ndi dzira limagwira pamimba kuposa buledi ndi tiyi wa shuga wambiri. Usipa wamchere kwambiri m'bandakucha umaitana ludzu masana. Madzi muzimwa pang'onopang'ono kuyambira Magharibi mpaka dakwi, osati kugugudiza jagi yonse nthawi imodzi. Ngati m'nyumbamo muli wodwala shuga, ayambe wakaonana ndi adokotala. Surah 2 ndime 185 imalola wodwala kudzabweza masiku ake pambuyo pake.

Tsono za apongozi. Usakangane nawo, ndipo mawu akuti "tikuwononga" asatuluke pakamwa pako, angamve ngati ukuwawerengera nthongo. Iwo akuopa kuti anthu anganene kuti pakhomo pa mwana wawo pali umphawi kapena kuumira. Ndiye phika mphika womwewo masiku oyamba, koma usanapakule za pakhomo, pakula mbale imodzi, uvundikire, uwafunse kuti, "Amayi, iyi tipereke kwa yani lero?" Akudziwa okha kuti wopatsa chakudya munthu amene wamanga amapeza malipiro ofanana ndi a womangayo, ndipo akudziwa khomo la mayi wamasiye aliyense m'mudzimo kuposa iwe. Mwana wako wamkulu akapereke dzuwa lisanalowe, abwere nayo mbaleyo, mawa idzafunikanso.