Yankho kwa achimwene a ku Chembe pa nkhani ya kamera ya panyanja ndi ya pamaukwati

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri kuti ndisakuyankheni zimene simunafunse. Mwanena kuti mumakhala ku Chembe, ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku ndi yotenga alendo pa boti kupita nawo ku chilumba cha Thumbi ndi ku Otter Point, ndipo nthawi zina abale ndi anansi amakupemphani kuti mukawajambule pa chinkhoswe kapena pa ukwati. Ndalama zimene mwasonkhanitsa ndi zogulira kamera imodzi yokha, ndiye mukufuna kudziwa ngati mugule yaikulu ija yosintha malenzi yopanda kalilole m'kati (mirrorless) ya full-frame kapena kakamera kolimba kosalowa madzi konga OM System TG-7. Ambiri amene akuyankhani m'gulu muno akuti full-frame basi chifukwa zithunzi zake n'zokongola, ndipo sakunama. Komabe ine ndagwiritsapo ntchito mitundu iwiri yonseyi kuno ku Mangochi, ndipo poona kumene ndalama zanu zimachokera, ndikuti inuyo muyambe ndi kakang'onoko.

Ndiyambe ndi zimene anzathuwa akuyamikira, kuti mudziwe chimene mukhala mukuchisiya. Mawu akuti full-frame amanena za kukula kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'kati mwa kamera, ndipo sensa yotereyi ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, kufanana ndi filimu imene ojambula akale ankagwiritsa ntchito m'masitudiyo a pa boma. Sensa ya TG-7 ndi ya mamilimita pafupifupi 6 kwa 4.5, yaing'ono kuposa chikhadabo cha chala chakumapeto, moti mukawerengera malo ake mupeza kuti ya full-frame ndi yaikulu kuwirikiza ka 30 kapena kupitirira pang'ono. Masana kusiyana kumeneku sikuoneka kwenikweni, makamaka kuno kumene dzuwa limawomba mopanda chisoni, ndiponso chithunzi chikadutsa pa WhatsApp kapena pa Facebook chimafinyidwa kale. Dzuwa likangolowa m'pamene zoona zimaonekera.

Taganizirani chinkhoswe chimene chachedwa kuyamba, monga zimakhalira nthawi zambiri, ndipo perekaniperekani wafika pachimake cha m'ma 7 koloko usiku, m'tenti muli mababu awiri okha a jenereta, amayi akuvina mozungulira mkwatibwi ndalama zikuuluka. Ndi kamera yonga Sony A7 III ndi lenzi ya 50mm f/1.8, yolowetsa kuwala kwambiri, mukhoza kukweza ISO (mphamvu ya sensa yomvera kuwala) kufika 6400, nkhope ya mkwatibwi n'kutuluka yoyera, mikanda ya pa diresi ikuoneka umodziumodzi, anthu akumbuyo atasungunuka bwino osasokoneza maso, pamenenso kamerayo ikulondola diso la munthuyo yokha ngakhale akuyendayenda. Pamalo omwewo TG-7 imakupatsani chithunzi chodzaza timadontho ngati mwawazapo gaga, manja a ovina atachita mizeremizere, ndipo kafulashi kake kamangowalitsa zipumi za anthu atatu akutsogolo, ena onse ali mumdima. Ilibenso poti musankhe nokha liwiro la shata, kachitseko kolowetsa kuwala, monga mungachitire pa kamera yaikulu. Pa ntchito ya usiku palibe mpikisano, ndipo munthu amene chakudya chake chimachokera ku maukwati a m'maholo sindingamuuze kuti agule kakamera ka m'madzi.

Koma mtengo umene mumaona pa intaneti ndi wa thupi lokha. A7 III itatuluka mu 2018 inkagulitsidwa pafupifupi madola 2,000 a ku America yopanda lenzi, pamene TG-7 inatuluka mu 2023 pa madola pafupifupi 550 ili yathunthu, lenzi yake ili momwemo. N'zoona kuti tsopano zogwiritsidwapo kale ntchito zachuluka, popeza Sony inayamba mtundu wa A7 mu 2013 ndipo Canon ndi Nikon analowa nawo mu 2018, komabe pamwamba pa thupilo pafunika lenzi imodzi kapena ziwiri, fulashi yapadera, batire lachiwiri, chikwama chabwino ndi kompyuta yokonzerapo zithunzi, osaiwala msonkho ndi kuvuta kwa ndalama zakunja ngati mukuitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena kwina. Ndaonapo anyamata angapo atathera ndalama zonse pa thupi la kamera, n'kukhala chaka chathunthu ndi lenzi yotchipa yobwera nayo, imene usiku siipereka zija anagulira full-frame.

Tsopano tikwere boti lanu, chifukwa nkhani yanu yagona pamenepo. Ogulitsa adzakuuzani kuti kamera yaikuluyo ndi weather-sealed, ndipo ambiri amamva ngati akuti siilowa madzi. Tanthauzo lake ndi lakuti ikhoza kupirira kamvula kowaza ndi fumbi pang'ono, osati funde, ndiponso chitetezocho chimadalira lenzi imene mwaikapo. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa mu July wina pochokera ku chilumba cha Domwe. M'mawa nyanja inali phee ngati mafuta m'mbale, koma pobwerera mwera unadzuka, ndipo funde limodzi lokha linakwera kutsogolo kwa boti n'kunditera pachifuwa pamene kamera inali lende m'khosi, nditaibisa m'malaya. Ndinaipukuta msanga ndi thaulo la mlendo wina, madzulo ake inagwira ntchito bwinobwino, ine n'kumati ndapulumuka. Patapita masabata angapo batani limodzi linasiya kumvera, ndipo nditawalitsa tochi m'lenzi ndinaona chuku chitayala m'kati mwa galasi ngati ukonde wa kangaude. Wokonza wina ku Blantyre anandiuza kuti zipangizo zake zifunika kuitanitsa kunja, ndipo ndinakhala miyezi iwiri ndikubweza ntchito za anthu. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, zimene n'zabwino poyerekeza ndi a ku Indian Ocean, koma chinyezi chikalowa m'galasi kutentha kwa kuno kumamaliza ntchito yotsalayo.

Palinso mchenga. Kamera ya mirrorless ilibe kalilole wotchinga kutsogolo kwa sensa, choncho pa makamera ambiri a mtunduwu mukangochotsa lenzi sensa imakhala pamtunda, ndipo kusintha lenzi pagombe mphepo ikuwomba, kapena pamsewu wafumbi mu October, n'kudziitanira madontho amene adzaoneka pa chithunzi chilichonse cha thambo. Kulowa nayo m'madzi kumafuna chibokosi chapadera chopangidwira kamera imeneyo, chimene mtengo wake kawirikawiri umayandikira kapena kupitirira wa kamera yomweyo, ndipo sindikuona mlendo wa ku Chembe amene angakulipireni zokwanira kubweza ndalama zimenezo.

TG-7, pamodzi ndi mkulu wake Olympus TG-6 wa 2019 amene amasiyana naye pang'ono chabe, inapangidwira moyo wotere. Imalowa m'madzi mpaka mamita 15 popanda chibokosi, imapirira kugwa kuchokera pa mamita 2.1, imapirira kupsinjidwa ndi kulemera kwa makilogalamu 100, ndipo imalemera magalamu pafupifupi 250, pamene A7 III ndi magalamu 650 musanaikepo lenzi. Zimenezi zikutanthauza kuti dzanja limodzi likhoza kukhala pa injini kapena kugwira mwana wa mlendo pokwera, kamera ili m'thumba la kabudula, ndipo mukafika pa miyala ya Thumbi mumangodumphira nayo. Chimene mlendo amabwerera ku Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, ndi nsomba za mbuna zija zabuluu ndi zachikasu, ndipo chithunzi chimene adzafune kupita nacho kwawo ndi cha iye mwini ali pakati pa nsombazo. Chithunzi chimenecho kamera ya madola 2,000 yotsala m'chikwama pansi pa benchi singachijambule.

Mwayi wanu ndi woti mbuna zimakhala pafupi ndi miyala pamadzi osaya, mita imodzi mpaka atatu, pamene kuwala kumakhala kokwanira, ndiye kufooka kwa sensa yaing'ono sikukupwetekani. Ingokumbukirani kuti madzi amameza mtundu wofiira poyamba, moti mukatsika mamita asanu zonse zimayamba kuoneka zobiriwira kapena zabuluu, ndiponso madzi amene ali pakati pa inu ndi nsomba akachuluka chithunzi chimafooka. Musadalire zoom m'madzi. Ikani lenzi pa 25mm pamene imatseguka mpaka f/2.0, sankhani zojambulira za pansi pa madzi zimene zili kale m'kameramo, dzuwa likhale kumsana kwanu, gwirani mwala ndi dzanja limodzi n'kukhala duu, nsombazo zidzabwera zokha mpaka kufika pagalasi. Nthawi yabwino ndi ya m'mawa dzuwa litakwera, mphepo isanavundule madzi. Ili ndi luso linanso limene ndimalikonda, lojambula chinthu chili pa sentimita imodzi yokha kuchokera pa lenzi, moti mamba a usipa wa pathandala amaoneka ngati malata atsopano. Mamegapikiselo ake ndi 12 okha, koma amakwana kutsuka chithunzi cha A4 chooneka bwino, ndipo pogwiritsa ntchito Wi-Fi mukhoza kutumiza zithunzi ku foni yanu n'kumupatsa mlendo boti lisanafike pagombe.

Sindikubisirani kuti pa nkhwazi idzakukhumudwitsani. Zoom yake imathera pa 100mm, choncho mukaimba likhweru n'kuponya nsomba, mbalameyo potsika idzaoneka yaing'ono pachithunzi pokhapokha nsombayo itagwera pafupi ndi boti. Zithunzi zija mumaziona m'malo ogona alendo, zikhadabo zili pamadzi nthenga zikuwerengeka, zimajambulidwa ndi malenzi a 300mm kapena 400mm, amene ndi ndalama ina yapadera. Asodzi a usiku ndi nyali zawo nawonso sidzawatha. Pamenepa ine ndimangojambula vidiyo, popeza imatha 4K, ndipo alendo ambiri amakondwera nayo kuposa chithunzi.

Mchemwali amene walemba kuti foni yokha m'kathumba ka pulasitiki ndi yokwanira ali ndi mfundo ngati ntchitoyo ndi ya kamodzi pa chaka. Mafoni ambiri olembedwa IP68, chizindikiro cha kupirira madzi ndi fumbi, amayesedwa pa mita imodzi ndi theka kwa mphindi 30 m'madzi odikha, ndipo kudina pagalasi la foni m'madzi sikuyenda bwino. Foni yanu ndi imene alendo amakupezerani, ndi momwenso muli ndalama zanu, ndiye kuimiza tsiku ndi tsiku sindikukulimbikitsani.

Nanga maukwati mutani nawo? A masana a panja, zithunzi za banja pansi pa mtengo wa mango, magule monga beni kapena manganje dzuwa likadalipo, TG-7 idzakugwirirani ntchito yosachititsa manyazi, makamaka mukamajambula mu RAW, mtundu wa fayilo wosafinyidwa ngati zithunzi wamba, n'kukonza pang'ono. A usiku ndi a m'holo musalandire ndalama za anthu muli ndi kamera imeneyi yokha, chifukwa ukwati sabwereza, ndipo m'mudzi ngati Chembe mbiri ya zithunzi zoipa imafika kutali msanga kuposa ya zabwino. Gwirizanani ndi mnzanu wa ku Monkey Bay kapena pa boma amene ali ndi kamera yaikulu, muzigawana ntchitoyo kapena kubwereka yake pa mtengo, uku mukusunga padera zimene zithunzi za pa boti zikubweretsa. Mukadzaona kuti maukwati akubwera mwezi ndi mwezi, pamenepo mudzagule full-frame yogwiritsidwapo kale ntchito ndi lenzi imodzi yowala bwino, ndipo idzikatsala kumtunda.

Pomagula, dziwani kuti kusalowa madzi kwa kakamera aka kwagona pa timphira topyapyala tozungulira zitseko ziwiri, cha batire ndi cha potchajira. Tsiku lina ndinatsegula chitseko cha batire pagombe manja ali ndi mchenga, kanjere kamodzi kanatsalira pa mphira, ndipo nditatuluka m'madzi ndinapeza nthunzi m'kati mwa galasi. Inapulumuka chifukwa ndinachotsa batire nthawi yomweyo n'kuisiya yotsegula masiku atatu m'chitini chotseka bwino chokhala ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Kuyambira pamenepo ndimatsegula zitsekozo m'nyumba mokha, kamera itatsukidwa m'madzi oyera n'kuuma, ndipo ndisanatseke ndimayendetsa diso pa mphira yonse kufuna tsitsi kapena mchenga. Musaisiye padzuwa pa benchi ya boti kenako n'kudumphira nayo, chifukwa kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha kumabweretsanso nthunzi. Batire lake limajambula zithunzi zopitirira pang'ono 300, ndiye gulani lachiwiri, poti magetsi akazima usiku alendo a m'mawa sadikira. Gulaninso lamba woyandama wa padzanja, chifukwa kamerayi ikapulumuka m'manja imamira ngati mwala, ndipo mukangotalikira pang'ono ku miyala ya chilumba madzi amazama kupitirira pamene mungaitsatire. Ngati mwapeza TG-6 yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wabwino, itengeni, koma wogulitsayo avomere kuti muimize m'ndowa ya madzi kwa theka la ola iye ali pomwepo, kenako muipukute, mutsegule zitseko zonse ziwiri n'kuona ngati m'kati muli mouma musanapereke ndalama.