Blender ingagwire ntchito ya food processor?

Achemwali, mwafunsa ngati blender ingalowe m'malo mwa food processor, makina odula, kupera ndi kukanda zakudya. Ingathe, koma osati pa zonse. Blender imafuna madzi kuti mipeni yake izungulire bwino, n'chifukwa chake juwisi wa chinanazi chathu cha ku Mulanje kuno amatuluka bwino zedi. Tomato wa msuzi, palibe vuto.

Pa nsinjiro ndiye samalani. Ikani mtedza wochepa, wouma bwino, muziyatsa n'kuzimitsa msangamsanga. Mukaisiya izingolira, mafuta amatuluka, mupeza chiponde, mota nayo yatentha. Yanga ndinaiwotcha chonchi, mpaka lero ndinabwerera ku mtondo.

Kabichi ndi karoti dulani ndi mpeni basi, mu blender zimasanduka phala. Ufa wa mandasi musayese n'komwe, kandani ndi manja.