Za Ndege ya ku Chileka Ija, Msuweni

Msuweni, funso lako ndaliona. Ndaliona m'mawa pomwe unalemba paja, koma ndinali pa mzere ku Limbe, ndiye ndati ayi, izi si zolemba ndi zala, ndikafika kunyumba ndikayankhule. Wafunsa kuti sitima yanu ija ikakocheza ku Durban Lachisanu m'mawa, kodi munthu angathe kufika ku Chileka tsiku lomwelo. Wati munthu. Ehe. Munthu wake uti? Wokwera sitimayo ndiwe, ndipo nyumba yako ili ku Joni, ku Chileka ulibe ngakhale khola la nkhuku. Chabwino, tizingoti munthu, monga wanenera mwini wake.

Ndiye munthuyo umuuze chonchi. Kutsika sitima kumayamba usiku, osati m'mawa. Tsiku lomaliza amakubweretsera timapepala tamitundu tomata pa sutikesi, ena tofiira, ena tobiriwira, ndiye usanagone sutikesiyo umaitulutsa panja pa chitseko. Anyamata a m'sitima amadzatola usiku, iwe ukaipeza kumtunda. Tsono apa mvetsetsa: zovala zoti uvale m'mawa, pasipoti, mankhwala, tchaja, zonsezo zitsale m'kachikwama ka m'manja. Ine ulendo wathu uja ndinaona bambo wina, wamkulu ndithu wa imvi zake, akumwa tiyi m'mawa atavala zogonera, zonse analongeza. Ndinawamvera chisoni, mkazi wawo akungoyang'ana pansi. Komanso kakhadi kaja, kamene umatsegulira chitseko n'kumagulira zinthu, bilu yake uyione usiku womwewo. M'mawa pa ofesi paja pamakhala mzere ngati wa mafuta.

Dikira kaye... iwe, tseka mpopiwo, madzi akutayika! Eya, ndimati chiyani... Sitima imalowa padoko kukali kamdima. Ife tinadzuka tikuona magetsi a ku Bluff, pofika kuwala n'kuti atamanga kale zingwe ku Point kuja. Koma kukocheza si kutsika. Amaitana anthu potsata mtundu wa kapepala kaja, ndipo muli anthu masauzande, aliyense ndi mwana wake, ndi agogo ake. Ife tinatuluka cha m'ma 9, ayi ndanama, inali itadutsa 10, chifukwa sutikesi ya alamu ako inasokonekera m'gulu lina. Kuchoka apo n'kupita ku bwalo la ndege la King Shaka, ndi makilomita ngati 35 kumpoto, kudutsa Umhlanga. Ndege ya ku OR Tambo, bwalo la ku Joni lija, ndi ola limodzi. Kuchoka ku Joni kufika ku Chileka ndi maola awiri ndi kanthu. Ukawerengetsa papepala umati zitheka. Koma matikiti akakhala awiri osiyana, yoyambayo ikachedwa, yachiwiriyo siikudziwa, imanyamuka, ndalama yako yapita. Ife tinagona ku Kempton Park, pafupi pomwepo ndi bwalo, n'kukwera mawa lake mtima uli m'malo. Ndipo usadabwe ukaponda pansi n'kumamva ngati dziko likugwedezeka. Ine masiku awiri athunthu bedi linkayenda nane. Zimatha zokha.

Ngati ndalama ya ndege yavuta, basi ilipo, uidziwa kale, ndiyo inakutenga. Park Station, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, kenako pa Wenela. Tsiku ndi theka maboda akakukomera mtima, apo ayi masiku awiri, miyendo itatupa ngati mitsuko.

Koma ndatchula Wenela, ndiye... hmm. Iwe amalume aakulu, bambo ako aakulu aja, mzimu wawo uuse mumtendere, unawadziwa atakalamba kale, ali pakhonde ku Chilomoni akumasula mawailesi a anthu, chifuwa chikulira. Unkawaopa, ndikukumbuka, unkabisala kuseri kwa chitenje cha amayi ako iwo akakhosomola. Nkhani yawo sindikudziwa ngati anakuuza bwinobwino, poti bambo ako sakonda kuikamba. Ine anandiuza amayi anga, tikusenda chinangwa, kangapo konse, ndipo nthawi iliyonse amafika pakati n'kusiya mpeni.

Pamene pamaima mabasi paja, dzina lija silinangobwera. Wenela inali kampani yolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni. Anyamata ankalembetsa, kuwayeza m'chifuwa, kuwakweza ndege pa Chileka mpaka Francistown ku Botswana, kuchoka apo sitima ya pamtunda mpaka ku migodi. Amalume anapita choncho, ali mnyamata woti ndevu zikungoyamba. Kalata ankalemba, mabulangete anatumizapo. Ndiye kontirakiti itatsala pang'ono kutha analemba kuti amayi, ndikubwera mu Epulo, ndipo ndakugulirani makina osokera. Agogo anauza mudzi wonse. Ankati ana a sukulu onse a kuno mayunifolomu azidzasokera pakhomo pano.

Ndiye pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela itangonyamuka ku Francistown kubwera kuno, inagwa n'kuyaka. Anthu opitirira 70 anathera pomwepo, ambiri Amalawi, anyamata oti amaliza ntchito akubwerera kwawo ndi timabokosi tawo. Tangoganiza, msuweni. Kalata yanena Epulo, wailesi yanena Epulo. Agogo anasiya mphika pamoto. Anayenda wapansi kuchoka kumudzi mpaka mtauni, amayi anga ali pambuyo, ayi, si amayi anga, amayi anga anatsala ndi ana, amene anawaperekeza ndi amayi aang'ono a ku Zingwangwa, inde. Anakakhala pansi pa Wenela paja masiku atatu, osadya, akungofunsa aliyense wovala yunifolomu. Dzina la mwana wawo pa mndandanda wa omwalira panalibe. Anabwerera kumudzi akuimba nyimbo za Mvano njira yonse.

Koma munthu osabwera. Kamuzu atamva za ngoziyo analetsa zolemba anthu ku Wenela, amuna anayamba kubwerera, magulumagulu, miyezi ndi miyezi. Mwana wa uje wafika, wa uje wafika ndi njinga, wa uje ndi wailesi yaikulu. Agogo akamva kuti kwatsika anthu, ulendo, kukayang'ana nkhope imodziimodzi. Amalume ayi. Kalata zinasiya. Anthu anayamba kunong'ona kuti watchona, ena ati wakwatira Msutu, ena ati anafera pansi mumgodi akungobisa. Agogo aamuna anangokhala chete, iwo sankayankhula zambiri, koma amayi amati madzulo alionse ankakokera mpando kuyang'ana kunjira.

Ukudziwa chimene chinachitika? Bokosi lawo lachitsulo, mmene munali makina aja, masuti, nsalu za alongo awo, zonse za zaka zija, linabedwa m'komponi kutatsala sabata kuti anyamuke. Basi. Ndi chokhacho. Anachita manyazi kuti ndikafika bwanji chimanjamanja ine nditalonjeza, anthu akandiseka. Anati ndigwireko miyezi itatu ndigule ena. Anachoka ku mgodi, anakalowa ya m'dimba kwa azungu, kenako ya kukhitchini. Miyezi itatu inakhala chaka, chaka chinabala chinzake, ndipo chaka chilichonse manyazi amakula, chifukwa tsopano sunangotaya makina, wakhalanso chete nthawi yonseyi, ukayamba ndi mawu ati? Chomvetsa chisoni n'choti ndalama zawo zina zinali kuno komwe, poti a Wenela ankadula gawo lina la malipiro kuti munthu adzalandirire kwawo. Sanali wopanda kanthu monga ankadzionera.

Anadzabwera patapita zaka zambiri, bambo ako atakwatira kale. Anatsika ndi kachikwama kamodzi ndi jekete paphewa. Agogo anali pabwalo akupeta mphale. Amayi amati atawaona sanakuwe, sanaimbe nthungululu, anaika lichero pansi bwinobwino, n'kuwagwira manja onse awiri, kuyamba kuwerenga zala. Chimodzichimodzi, mpaka khumi, poti anyamata ambiri ankabwera zala zitatsala ku mgodi. Atapeza kuti zonse zilipo ndi pamene anagwa pansi n'kuyamba kulira. Kachikwamako sanakayang'ane n'komwe, kanagona pabwalo mpaka mawa lake, mbuzi zikukanunkhiza. Za makina sanafunsepo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Koma agogo aamuna sanawapeze. Anangowatengera kumanda kukawaonetsa mtumbira, udzu utamera kale. Ine ndili ku sekondale ndinkawaperekera madzi pakhonde paja, tsiku lina anandiuza okha, ndisanafunse, akuti mwana wa mlongo wanga, makina osokera anali mbwee m'masitolo a amwenye pa Limbe pompa, ndikanabwera tikanagula pang'onopang'ono. Anangonena zomwezo, n'kubwerera ku wailesi yawo.

Aaa. Pepani a pa gulupu, ndatalikitsa, amene watopa adumphe. Koma iwe msuweni usadumphe, ndikudziwa umamvera mauthenga anga mothamangitsa ngati ndine kaseti.

Iwe sunafunse za ndege. Nthawi ya ndege ukanaiona wekha pa foni, ndiwe amene umatiphunzitsa zimenezo tonsefe. Iwe ukufunsa ngati ungabwere. Zaka 6, msuweni. Chichokere pa maliro paja, ndi mawu aja analankhulidwa kuseri kwa nyumba za malo a ku Lunzu, sunapondenso kuno. Ndipo ndikudziwa chimene chikukudya. Ukuti ndikatsika pa Chileka ndi kasutikesi ka zovala zosambira, anthu adzati ndalama yokwera sitima kukazungulira ku Mozambique anali nayo, koma malata a amayi ake akudontha. Ndisakunamize, alipo adzanena, ndipo tonse tikudziwa adzayambe ndani, ali pa gulupu pompano akumvera. Anene. Iwe wagwira ntchito usiku ndi usana, fizi ya ang'ono ako awiri yatuluka m'manja mwako, masiku anayi pamadzi sunabe kwa munthu. Ine nditabwera ulendo wanga uja ananenanso, pano anaiwala, akundifunsa mtengo.

Amayi ako ndinakumana nawo Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Sanandifunse za malata. Anandikokera pambali pa mtengo wa mbawa paja, akuti inu munakwerapo chisitimacho, kodi usiku simuzizira, poti mwanayu chifuwa chake sichichedwa. Akuti kodi chimagwedera ngati Ilala, chifukwa iwo anakwerapo kamodzi kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Nkhata Bay, mwera unawapeza panjira, anasanza mpaka analumbira. Ndinawauza kuti ayi amayi, chimenechi ndi chinyumba chosanjikiza, Ilala ingaoneke ngati bwato pambali pake. Anaseka, kenako anakhala chete, akupinda kansalu m'manja. Mwendo uja wayambanso kuwavuta, masitepe a patchalitchi akukwera mogwiririra. Sindikukuopseza ayi, ali bwino, akudya, akulima kadimba kawo. Ndikungokuuza zimene maso anga aona.

Ndiye bwera. Ukatsika sitimayo usakwere ya ku Joni n'kukathera ku nyumba kwako, ukafike pa OR Tambo, ugone, Loweruka ukwere ya kuno. Mapepala ako unati ali m'malo, tchuthi unati chikufika mpaka Lachitatu, ndinamva bwinobwino, usandiuze kuti abwana. Osadikira Disembala kuti udzabwere ndi firiji ndi magrosale odzaza ngolo ya basi, Disembala wakhala akubwera zaka 6 iwe osaoneka. Ngati manja akukuyabwa kuti sungalowe m'nyumba chimanjamanja, tidzaima pa Kameza, ugule shuga ndi buledi, zakwana.

Za ku Lunzu zisiye kaye, amalume ang'ono ndiyankhula nawo ine, sadzaitchula iwe uli pano, ndikulonjeza pamaso pa gulupu yonseyi. Ukagona kwathu ku Machinjiri usiku woyamba ngati ukuona kuti kufikira kwa amayi ako kukulemera, chipinda cha atsikana chilipo, m'mawa tidzapitira limodzi, ine kutsogolo iwe pambuyo ngati kale tikuchokera kumadzi titaswa ndowa ya agogo.

Wamva eti? Gula tikitiyo lero, usanagone, mtengo usanakwere ndiponso mtima usanabwerere m'mbuyo. Ukagula unditumizire chithunzi kuno kumbali, osati pa gulupu. Ine Loweruka limenelo ndidzakhala ndili pa Chileka ndi galimoto ya alamu ako, ndidzaima pampanda paja poonera ndege ikutera. Amayi ako ndiwauze, kapena udzawauza wekha? Undiyankhe msanga chifukwa nkhuku yoti agwire ndi ya chikuda, imafuna kuitchera dzulo lake. Iwe, mpopi uja watseka? Basi msuweni, batire yatsala pang'ono, ndikudikira chithunzicho.